Sabata Imene Tinathamangitsa Kompyuta ya Achimwene

Ndikukumbukira chisanu cha pa Lizulu chaka chimene tinaika agogo aNangozo, amayi awo a abambo anga. Unali mwezi wa Juni. M'mamawa chifunga chinkakuta msewu waukulu moti tsidya linalo, komwe ndi ku Mozambiki kale, sikunkaoneka. Ankangomveka mawu a amayi okokera madengu a kachewere ndi kabichi kumsika, komanso malole obuula pachitunda. Ine ndinali mu Sitandade 7, ndipo zala zanga zinkachita dzanzi mpaka dzuwa litakwera ndithu.

Tinkakhala kuseri kwa mzere wa magolosale. Kumaso kwa nyumba yathu kunali kachipinda kamene kale tinkasungiramo mbewu ya kachewere, ndipo fungo la dothi ndi matumba silinatheremo. M'menemo ndi mmene achimwene anga a Fanuwelo anaika kompyuta yawo. Anabwera nayo kuchokera ku Joni ataikulunga m'bulangete, pamodzi ndi kamera ya timatepi ting'onoting'ono, komanso chifuwa chimene sichinkamva mankhwala. Ku Joniko ankagwira ntchito m'shopu yokonza makompyuta. Atabwerera kwathu anayamba kujambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya n'kumaziika pazimbale. Pofika chaka chimenecho anali ataonda moti lamba wawo ankachita kumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Pampando sankakhalitsa. N'chifukwa chake anandiphunzitsa ine kudula ndi kulumikiza zithunzi, iwo atatsamira khoma pamphasa, akundilozera pasikirini ndi kandodo ka nsungwi.

Agogo aNangozo anagulitsa kachewere pamsika wa Lizulu moyo wawo wonse, ndipo oyendetsa malole ankawaopa pakamwa. Anamwalira mwadzidzidzi ali kudimba, khasu lili pambali pawo. Abambo anali ku Joni, pafamu ya zipatso, mapepala awo atatha. Akanabwera kumaliro sakanathanso kubwerera, ndipo tonsefe tinkadya ntchito imeneyo. Anaimba foni maliro ali m'nyumba. Achimwene anakayankhira kuseri kwa nkhokwe, ine n'kumamva mbali yawo yokha: "Chabwino abambo. Ndamva abambo. Muona zonse." Atabwerako anandiuza zimene abambo ananena: akufuna aone momwe tawagonekera amayi awo, ndipo tisasiye kanthu.

Achimwene sanasiyedi kanthu. Anajambula nyimbo za kusiwa, ulaliki, madoda akuvina ngoma atagwira zishango, ulendo wonse wa kumanda, mpaka nkhata yomaliza. Matepi anadzaza thumba la jekete. Tsono kunali a Zakeyu, bambo wa ku Tsangano amene ankanyamulira anthu katundu kupita ku Joni. Iwo anati anyamuka Loweruka m'mawa, ndipo ulendo wina sudzakhalakonso mpaka mvula itagwa. Masiku amenewo panalibe njira ina yotumizira filimu. Chimbale chinkayenera kuyenda m'thumba la munthu.

Kudula ndi kulumikiza tinamaliza Lamulungu titachoka kutchalitchi. Inatsala ntchito imene achimwene ankaitcha kuphika. Apa kompyuta inkayenera kudutsa chithunzi chilichonse n'kuzisandutsa filimu imodzi yoti ilowe pachimbale. Munthu sunkachitapo kanthu, unkangoyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa kuchoka kumanzere kupita kumanja. Koma ikangodukiza panjira, yonse inkayambiranso poyamba. Ndipo nyengo imeneyo magetsi ankabwera m'bandakucha n'kuthima dzuwa likafika pamutu. Maukwati ankakwanira m'nthawi imeneyo. Maliro a agogo anali aatali kuposa ukwati uliwonse umene tinapangapo.

Lolemba magetsi anathima kamzere katangopitirira pakati pang'ono. Lachiwiri tinadzuka kudikirira kuti akangoyaka tiyambe, koma anathimabe kamzere kasanafike. Achimwene anayang'ana sikirini yakudayo n'kunena kuti, "Mawa tiithamangitsa."

Madzulo ake anatsegula chibokosi cha kompyutayo n'kundionetsa m'kati. Pansi pa fani yaing'ono panali chitsulo cha mano ngati chipeso, ndipo pansi pa chitsulocho, anati, pali purosesa, kanthu kophwatalala kochepa kuposa bokosi la machesi, kamene kamaganiza zonse. Opanga anakapatsa liwiro loti kaziyenda nalo osatopa, koma munthu wodziwa atha kukakweza kuti kazithamanga kuposa pamenepo. Ndinafunsa chifukwa chimene sanachitire zimenezi kalekale. Iwo anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera m'chifuwa. Anati ikathamanga imatentha, ikatentha imasokonezeka mutu, ndipo ukaikakamiza kwambiri imapsa osadzukanso. Kompyuta ina yoti n'kubwereka pa Lizulu ponse panalibe.

Lachitatu magetsi atangoyaka, achimwene analowa patsamba lina lamkati limene ine ndinali ndisanalionepo, la buluu, lodzaza manambala okhaokha. Anakweza nambala ya liwiro kwambiri, chifukwa ankafuna kamzere kafike ndi nthawi yotsalako. Atayatsanso, fani inazungulira, kanyale kanayaka, koma sikirini inangokhala bii. Tinadikira. Anathimitsa n'kuyatsanso, koma chimodzimodzi. Maliro onse a agogo anali m'bokosi limenelo, ndipo ine ndinaganiza kuti tawaikanso kachiwiri.

Achimwene sanaonetse mantha. Anazula nthambo kukhoma n'kundiuza kuti ndilowetse dzanja m'katimo, chifukwa langa linali laling'ono. Pakona panali kabatire kozungulira konyezimira ngati batani la jekete. Ndinakatomola ndi chikhadabo. Anati kabatire kameneko ndi kamene kamachititsa kompyuta kukumbukira zimene waiuza, ndiye ukakachotsa kwa kanthawi imaiwala n'kubwerera mwakale. Tinadikira, kabatire kali m'manja mwanga, panja ogulitsa akuitanira minibasi. Nditakabwezera, kompyuta inalira kamodzi n'kuyaka ngati sinalakwe chilichonse.

"Ndinapupuluma," anatero achimwene. "Tizikweza pang'onopang'ono. Ndipo tizisintha chinthu chimodzi basi, kenako n'kuyesa. Ukasintha ziwiri nthawi imodzi sudziwa chimene chakupweteka."

Tinakweza pang'ono. Inayaka, tinayamba kuphika, ndipo kamzere kanayamba kuyenda mooneka. Ndinali nditayamba kumwetulira pamene sikirini yonse inasanduka ya buluu, yodzaza mawu oyera a Chingerezi, kompyuta n'kudziyambiranso yokha. Achimwene anati imeneyo ndi njala: purosesa ikuthamanga koma mphamvu ya magetsi imene ikulandira ndi yakale ija. Anaiwonjezera kachidutswa kochepa kwambiri. Ulendo uno inapita patali, mpaka tinadutsa ulaliki, kenako inangoti zii, kuthima yokha magetsi ali chiyakire. M'chipindamo munkamveka kafungo ngati ka ayironi yoiwalika pamalaya. Ndinakhudza chitsulo cha mano chija n'kuchotsa chala msangamsanga.

Masana amenewo, magetsi atapita, tinatulutsa chibokosicho pakhonde. Fumbi la mumsewu wa Lizulu linali litamanga ngati bulangete pakati pa mano a chitsulocho, ndipo pansi pa fani tinapezamo mphemvu youma imene mwina inachokera ku Joni komweko. Ndinkachotsa ndi nthenga ya nkhuku, achimwene akupopera ndi pampu ya njinga mpaka mpweya unawathera, ine n'kulandira. Atachotsa chitsulocho, phala lotuwa limene limakhala pakati pa icho ndi purosesa linali litauma n'kung'ambika ngati matope a m'dambo mu Okutobala. Analipukuta ndi kansalu koviika mu sipiriti. M'chikwama chawo anali ndi kachubu kotsala ka phala latsopano, ndipo anafinyira kadontho ngati njere ya mpunga. Amayi ankadutsa ndi ndowa, n'kuima, n'kupitirira. Chiikireni agogo, amayi anali asanalankhule zambiri.

Lachinayi achimwene anachita chinthu chimene amayi sanawakhululukire msanga. Anasiya chibokosicho chosatseka mbali imodzi, anachikokera pafupi ndi khomo, n'kutsegula chitseko ndi zenera kuti mphepo ya m'mawa izilowa. Chifunga chinkafika mpaka pamphuthu. Mbaula anakana, ati itenthetsa chipinda. Ndinawapempha kuti akagone, ine ndiyang'anira, koma anati akufuna azimva kulira kwa fani ndi makutu awo. Anakhala pamphasa atafunda bulangete lomwe lija anabweretsera kompyuta, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, akutsokomolera m'kansalu kuti amayi asamve. Kompyuta inakondwa nacho chisanucho. Kamzere kanayenda osaima, ndipo kanafika kumapeto dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinalumpha n'kuomba m'manja, kuiwala kuti pakhomo pali maliro. Achimwene anati tione kaye. Poyamba zonse zinali bwino. Koma titafika pomwe amayi a kutchalitchi ankaimba atazungulira bokosi, nkhope zawo zinaphwanyika n'kukhala timabokosi tobiriwira ndi tofiira, nyimbo n'kumathetheka ngati chimanga chokazinga. Kunakhala bwino pang'ono, kenako zinayambiranso kumanda, pomwe ankatsitsa bokosi. Malo enieniwo amene abambo ankafuna kuona.

Sindinamvetse. Ndinati, "Komatu yamaliza, achimwene."

"Yamaliza, koma yanama," anatero. "Bola ija imathima, umadziwa kuti pali vuto. Iyi yalakwitsa masamu n'kupitirira ngati palibe chachitika."

Kenako anati akukayikira memore, timatabwa tiwiri tobiriwira timene kompyuta imasungiramo zimene ikugwira panthawiyo. Pokweza liwiro la purosesa, memore nayonso inakokedwa kuthamanga, ndipo iyo inali yokalamba. Tisanayese chilichonse magetsi anapita.

Pofika madzulo achimwene anali atatentha thupi lonse, mano akugundana. Amayi anawagoneka kuchipinda chamkati, anawaikira mbaula, n'kutseka chitseko. Kenako anabwera kwa ine, ndipo aka kanali koyamba kukweza mawu sabata yonseyo. "Ndaika apongozi anga sabata yatha. Mukufuna ndiikenso mwana chifukwa cha wailesi yanuyo?" Anati mawa Fanuwelo sadzatuluka m'chipindamo, chimbale chipite kapena chisapite.

Nditawapititsira phala, achimwene anandikhazika pambali pawo. Mawu ankatuluka movutikira. Anati ndikalowe patsamba la buluu lija, nditsitse liwiro la memore libwerere mwakale, ndiphike kachigawo ka kumanda kokha n'kuona ngati timabokosi tatha. Ngati tilipobe, nditsitsenso liwiro la purosesa sitepe imodzi. Mphamvu ya magetsi ndisaikhudze. Anandibwerezetsa mpaka ndinanena osaphonya. Ndinafunsa kuti nanga ikatsika liwiro, nthawi ikwana? Anati sikwana. Pafunika kudula zina. Ndinawakumbutsa kuti abambo anati tisasiye kanthu. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Usankhe ndiwe. Unaliko."

Lachisanu ndinalowa ndekha m'kachipinda kaja, nditavala majuzi awiri ndi chitenje cha amayi kumutu. Ndinatsegula chitseko ndi zenera. Patsamba la buluulo manambala onse ankaoneka ofanana, ndipo ndinakhala nthawi chala chili pabatani, ndikuopa kuti ndikalakwitsa sikirini ida ngati Lachitatu. Ndinatsitsa memore. Inayaka. Ndinaphika kachigawo ka kumanda, ndipo timabokosi tinachepa koma tinaonekabe pakona pamene abusa ankaponya dothi. Mtima unkandiuza kuti ndingozisiya, mwina abambo sazindikira. Koma ndinabwerera, n'kutsitsa purosesa sitepe imodzi, n'kuyesanso. Bokosi la agogo linatsika bwinobwino, nkhope iliyonse ikuoneka, nyimbo ikumveka mpaka mawu a amayi anga amene ankatsalira pambuyo pa anzawo.

Tsono kudula. Dzuwa linali litayamba kale kuboola chifunga. Ndinachotsako mbali ina ya ulendo wa kumanda, pomwe pankangooneka misana ya anthu ndi fumbi. Sizinakwane. Ndinakaitana amayi, amene anali asanayang'anepo sikiriniyo chiyambire. Anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chitenje. Nditawafotokozera, anati ndiwaonetse olankhula. Panali a Gidiyoni, msuweni wa abambo, amene anapatsidwa mpata woyamikira anthu m'malo mwa banja, koma iwo anafotokoza mbiri ya ng'ombe zawo kuyambira imene anagula atabwerako ku migodi, matenda amene zinadwala, ndi mlandu wa malire a dimba. Dzina la agogo analitchula kumayambiriro ndi kumapeto kokha. Amayi anaonera pang'ono n'kunena kuti, "Asiyire moni ndi zikomo. Abambo ako ng'ombe zimenezo akuzidziwa."

Ndinayamba kuphika. Amayi sanabwerere kukhitchini. Anakhala pamphasa ya achimwene, ndipo tonse awiri tinkayang'ana kamzere kobiriwira kaja, mphepo ikutiwomba kumapazi. Nthawi ndi nthawi ndinkaika dzanja pafupi ndi fani kumva ngati mpweya wotuluka ukuotcha. Unali wofunda chabe. Kuchipinda chamkati achimwene ankatsokomola, kenako n'kufunsa mokweza kuti kafika pati, amayi n'kumawayankha ngati akhala akudziwa za makompyuta moyo wawo wonse: "Kadutsa pakati. Gona."

Kanafika. Ndinaiika filimuyo pachimbale, mtima uli m'mwamba kuti magetsi athima chimbale chili m'kati. Sanathime. Tinaonera yonse kuyambira poyamba mpaka nkhata yomaliza, amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, popanda kabokosi ngakhale kamodzi. Dzuwa linapendeka, magetsi ali chiyakire. Tsiku limenelo, mwa masiku onse a mwezi umenewo, sanathime mpaka madzulo. Amayi atazindikira kuti ng'ombe za a Gidiyoni zikanakwanamo zonse, anaseka mpaka kugwira khoma. A Gidiyoni anadzamva nkhaniyi patapita nthawi, ndipo mpaka imfa yawo ankandipatsa moni wa theka.

Loweruka a Zakeyu ananyamula chimbalecho titachikulunga m'mpango. Achimwene anapezako bwino patapita masabata angapo, moti anajambulanso maukwati ena chilimwe chimenecho. Kompyutayo anaibwezera paliwiro lake lakale tsiku lomwe anadzuka. Koma mvula itayamba chifuwa chinabwerera mwamphamvu, ndipo anamwalira chimanga chili m'mawondo. Ulendo umenewo abambo sanafunse za mapepala. Anasiya ntchito n'kukwera basi, ndipo ku Joni sanabwererekonso. Maliro a achimwene palibe anajambula. Kamera inali m'chikwama, ndipo palibe amene anaganiza zoitulutsa.

Patapita masiku, anthu atabalalika, abambo anatulutsa chimbale chija m'thumba la jekete. Chinali chitakalikakalika. Anati ankachionera Lamulungu lililonse kwa mnzawo amene anali ndi wailesi ya kanema. Poyamba ankaonera amayi awo. Kenako, atamva kuti Fanuwelo wafooka, anayamba kuchionera pofuna mwana wawo, n'kupeza kuti mufilimu yonseyo mulibemo, poti iye ndiye anagwira kamera. "Koma alimo pamodzi," anatero abambo. Anandiuza kuti ndiyatse kompyuta, ndipite pomwe madoda akuvina ngoma. Pamenepo mutu wanga umatulukira kutsogolo kwa kamera, ndipo kumbuyo kumamveka mawu otsika, otopa pang'ono: "Elube, tapatuka, ukutchinga." Ine ndinadutsapo kambirimbiri sabata ija osawamva, chifukwa ndinkangosaka timabokosi.

Lero ndimakonza makompyuta ku Lilongwe. Anyamata amabwera ndi makina amagalasi m'mbali, oyaka nyale zamitundumitundu, ena oziziritsidwa ndi madzi oyenda m'timapaipi, akufuna ndiwathamangitsire kuti masewera awo aziyenda bwino. Makina a masiku ano akatentha amadzitsitsa okha liwiro, ndipo ukalakwitsa amadzibwezera mwakale popanda kutomola kanthu ndi chikhadabo. Filimu ngati ya agogo angaiphike munthu asanamalize kumwa tiyi. Pa Lizulu penipenipo, maliro akachitika, mafoni amakhala m'mwamba, ndipo wa ku Joni amalira limodzi ndi a kusiwa nthawi yomweyo. Zimenezi n'zabwino, sindingakane. Abambo akanakhala ndi mwayi umenewo sakanadikira a Zakeyu. Chimene ndimaona n'chakuti mavidiyo amenewo sakhalitsa. Foni ikadzaza amafufutidwa, ndipo pakatha chaka palibe amadziwa amene anali nawo.

Chimbale chija chinasiya kuwerengeka kalekale, koma ndinali nditakopera kale filimuyo. Ili pafoni ya abambo, amene tsopano maso awo achita khungu pang'ono, ndipo adzukulu amadziwa pomwe ayenera kuwaimitsira ndi kubwezera. Inenso ndili nayo, ngakhale sindiionera kawirikawiri. Ndine mayi wa ana tsopano, wamkulu kuposa msinkhu umene achimwene anafika. Koma ikafika pa ngoma paja, mawu aja akamveka, ndimapezeka ndasendera pambali pang'ono pampando.